Mfuti Yatsopano Ikafika pa Chandamale: Kuyerekeza Glock 19, P365, CZ 75, 1911, Revolver ndi .22

Anthu ambiri amasankha mfuti ya m'manja ali m'sitolo, mfutiyo ilibe chipolopolo ndi chimodzi chomwe. Amaigwira, amaitembenuza uku ndi uku, amapima kulemera kwake m'dzanja, ndipo imene yawakomera amalipira. Koma m'sitolo mfuti siilira, siikankha ndiponso siitentha. Zonsezo zimadikira tsiku loyamba pa bwalo la chandamale. Kumeneko ena amabwerako akumwetulira, ena nkhope zitagwa, akudandaula kuti anawagulitsa mfuti yokhota.

Kawirikawiri mfutiyo imakhala ilibe vuto. Nkhani imagona poti zinthu ziwiri zimene zimakopa wogula m'sitolo, kupepuka ndi kuchepa, n'zomwezonso zimene zimamuvutitsa akayamba kuwombera. N'chifukwa chake ndati tiyerekeze mfuti 6 zodziwika bwino, tione mmene iliyonse imakhalira pa tsiku lake loyamba: Glock 19, SIG Sauer P365, CZ 75, 1911, revolver ya Smith & Wesson 686, ndi Ruger Mark IV ya .22. Ndikulankhula ndi inu amene mwagula kapena mukufuna kugula mfuti motsata malamulo a kumene mukukhala, muli ndi chiphaso chake, ndipo mukufuna kuphunzira kuwombera pa bwalo lovomerezeka.

Musanaweruze mfuti iliyonse, ipatseni mpata wofanana ndi inzake. Yatsopano imabwera ndi mafuta a ku fakitale oteteza dzimbiri, choncho werengani kabuku kake, ipukuteni, muyang'ane m'paipi kuti mulibe kanthu, kenako muidzoze mmene kabukuko kakunenera. Pa Glock mudzaona girisi wa mtundu wa kopa m'kati mwa silaidi, chitsulo chapamwamba chija chimene chimabwerera m'mbuyo mfuti ikalira. Ameneyo musamuchotse, anamuika dala. Tengani zipolopolo za ku fakitale za mtundu umodzi, yambirani pa mamita 7, muwombere zisanuzisanu mosathamanga. Makutu musawanyozere: phokoso la chipolopolo cha 9mm limafika pafupifupi ma decibel 160, pamene lopitirira 140 limatha kuwononga khutu pa kuwomba kumodzi kokha. Pa bwalo la m'nyumba valani zotsekera ziwiri, za m'kati mwa khutu ndi zovindikira pamwamba, komanso magalasi. Ndipo mfuti iliyonse muziitenga kuti ili ndi chipolopolo, kukamwa kwake kuziloza ku chandamale kokha, chala chizikhala kutali ndi kachitsulo kokoka mpaka mutatsimikiza zowombera.

Glock 19: yosakopa m'maso, yosavuta pa ntchito

Ndiyambe ndi imene anthu ambiri amayezerapo zinzake. Gaston Glock wa ku Austria sanayambe ngati wopanga mfuti. Kampani yake inkapanga zinthu monga zitsulo zokolekera makatani ndi mipeni, koma mu 1982 asilikali a dzikolo anasankha Glock 17 kukhala mfuti yawo ya m'manja. Glock 19, yofupikirapo pang'ono, inatuluka mu 1988. Thupi lake lakumunsi ndi la pulasitiki yolimba, paipi yake ndi ya mamilimita 102, magazini yake imalowa zipolopolo 15 za 9mm, ndipo ikakhala ndi magazini yopanda kanthu imalemera pafupifupi magalamu 670.

Ambiri akaigwira koyamba sasangalala nayo. Chogwirira chake n'chamakona, ndipo chinapendekera kumbuyo kuposa cha mfuti zina, moti amene anazolowera 1911 akaitambasula amapeza kukamwa kwake kwaloza m'mwamba pang'ono. Kachitsulo kokoka ndi chala, kamene owombera amati trigger, kamayamba mofewa, kenako kamalimba, n'kuthyoka mukakanikiza ndi mphamvu ya pafupifupi makilogalamu 2.5. Sikokoma kwenikweni. Tolondolera take, kakutsogolo ndi kakumbuyo, timabwera ta pulasitiki, ndipo anthu ambiri amadzasintha n'kuikapo tachitsulo.

Ikayamba kulira m'pamene munthu amasintha maganizo. Paipi yake ili pafupi ndi dzanja, choncho kukamwa sikudumphira m'mwamba kwambiri, ndipo kolondolera kakutsogolo kamabwerera msanga pamene kanali. Zala zonse zimakwana pa chogwirira. Kukoka kulikonse n'kofanana, koyamba ndi komaliza chimodzimodzi, ndiye dzanja limaphunzira chinthu chimodzi chokha. Pali kanthu kena kamene ndimakakonda: mukawombera n'kubweza chala pang'onopang'ono, mumamva kuti khethe, kusonyeza kuti yakonzeka kuwombanso. Pa Glock kameneka kamamveka bwino ngakhale kwa wophunzira.

Ziwiri zokha zimadabwitsa eni ake atsopano. Choyamba, sipuling'i ya magazini yatsopano imakhala yolimba moti chipolopolo cha 14 ndi cha 15 chimapweteketsa chala chachikulu. Si vuto la mfuti, ndipo kachipangizo kothandizira kulonga kamathetsa zimenezo. Chachiwiri n'chachikulu. Glock ilibe loko wakunja woletsa mfuti kulira, woti mutsekule ndi chala, ndipo pofuna kuimasula kuti muitsuke muyenera kukoka trigger. Apa m'pamene anthu osasamala achitira ngozi. Chotsani magazini kaye, kokani silaidi, yang'anani ndi maso, gwirani ndi chala kuti m'chipinda cha chipolopolo mulibe kanthu, bwerezaninso kachiwiri, ndipo zipolopolo zikhale kutali ndi tebulo lotsukirapo.

P365: yokoma m'sitolo, yaukali m'dzanja

SIG Sauer P365 itatuluka mu 2018 inadabwitsa anthu, chifukwa inalonga zipolopolo 10 za 9mm m'kathupi kamene kale kankangolowa 6 kapena 7. Imalemera pafupifupi theka la kilogalamu, paipi yake ndi ya mamilimita 79, m'lifupi mwake ndi pafupifupi mamilimita 25. M'sitolo palibe imene imaiposa kukopa. Imakhala m'dzanja mwaubwenzi, ndipo wa manja aang'ono amaona ngati anamupangira iyeyo.

Pa chandamale zinthu zimatembenuka, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Chipolopolo n'chomwecho cha 9mm, cholemera magalamu 7.5 kapena 8, chothamanga mamita oposa 300 pa sekondi. Mphamvu imene imachikankhira kutsogolo ndi yomweyo imene imakankhira mfuti kumbuyo. Mfuti ya theka la kilogalamu imabwerera m'mbuyo mwaliwiro pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ya kilogalamu imodzi, ndipo dzanja lanu ndi limene limalandira zonsezo. Kuwonjezera apo, ndi magazini yake yaifupi chala chaching'ono chimasowa pogwira, chimangolendewera. Mukamaliza bokosi la zipolopolo 50 chikhatho chimakhala chitafiira, ndipo ambiri amayamba kuphethira mfuti isanalire.

Palinso nkhani ya mtunda wa pakati pa tolondolera tiwiri. Tiyeni tiwerengere. Ngati mtundawo ndi mamilimita 150, monga zilili pafupifupi pa Glock 19, kulakwitsa ndi milimita imodzi polondolera kumasuntha chipolopolo ndi masentimita 10 pa mamita 15. Ngati mtundawo ndi mamilimita 125, kulakwitsa komweko kumabala masentimita 12. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma kukaphatikizana ndi chogwirira chachifupi komanso kukankha kwaukali, mabowo a pa pepala amamwazikana. Mfutiyo payokha ndi yolondola. Muigoneke pa thumba la mchenga, muwombere modekha, mudzaona mabowo akuunjikana bwinobwino. Imangofuna manja ophunzira kale.

Maganizo anga ndi akuti P365 ndi mfuti yabwino pa ntchito imene anaipangira, yonyamula pathupi kumene malamulo amalola, koma ndi yoipa kuyambira. Zimandipweteka ndikaona munthu wa manja aang'ono, makamaka mayi, akumupatsa kamfuti kotere poganiza kuti kakang'ono n'kofatsa. Zoona zake n'zosiyana. Sipuling'i ya kamfuti kakafupi imakhala yolimba, silaidi yake ndi yaing'ono pogwira, moti ngakhale kuikoka kumavuta kuposa pa mfuti yokulirapo. Ngati mtima wanu uli pa banja limeneli, yesani P365 XL, imene ili ndi paipi ndi chogwirira zotalikirapo ndipo imalowa zipolopolo 12.

CZ 75: chitsulo chimene chimakhululuka

CZ 75 inapangidwa mu 1975 ku Czechoslovakia, ku fakitale ya ku Uherský Brod, ndipo amene anaijambula ndi abale awiri, Josef ndi František Koucký. Yonse ndi yachitsulo, imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo mtundu wa CZ 75 B umalowa zipolopolo 16. Mukainyamula mutangosiya P365, mkono umadandaula.

Koma mukaifumbata bwino, chogwirira chake chimalowa m'chikhatho mokhota monga mmene dzanja lilili, ndipo pa mfundo imeneyi ndi mfuti zochepa zimene zimaifikira. Ikalira, kulemera kuja kumameza kukankha. Munthu amene mabowo ake anamwazikana ndi kamfuti kopepuka amatha kuona akuyandikana pa tsiku lomwelo, ndi manja omwewo, ndi zipolopolo zomwezo. Si zodabwitsa kuti mdzukulu wake, CZ Shadow 2 ya mu 2016, yolemera kuposa pamenepa, ndi yofala kwambiri pa mipikisano ya IPSC, bungwe la padziko lonse la masewera owombera chandamale.

Ili ndi zake zofunika kuzolowera. Silaidi yake imayenda m'kati mwa thupi la mfuti, osati kunja monga pa mfuti zambiri, choncho mbali yoti muigwire pokoka ndi yopapatiza, ndipo manja akachita thukuta imaterera. Chachikulu ndi trigger yake, imene ili ndi makokedwe awiri. Kanyundo kakumbuyo, kamene kamamenya kuti mfuti ilire, kakakhala kogona, kukoka koyamba n'kwakutali komanso kolemera, chifukwa chala ndi chimene chikudzutsa kanyundoko kenako n'kukagwetsa. Mfuti ikalira kamodzi, silaidi imadzutsa kanyundo yokha, ndipo kukoka kotsatira kumakhala kwakufupi ndi kopepuka. Wophunzira amaphonya choyamba chifukwa cha kulemera, n'kuphonyanso chachiwiri chifukwa chalira asanayembekezere. Zimatheka kuzolowera, koma ndi maphunziro awiri m'malo mwa amodzi. Wa zala zazifupi ayese kaye ngati chala chake chikufika pa trigger kanyundo kali kogona, popeza ambiri sichifika bwino.

Dziwaninso kuti CZ 75 B ili ndi loko wakunja koma ilibe kachitsulo kogonekera kanyundo, pamene CZ 75 BD ili nako. Kugoneka kanyundo ndi zala chipolopolo chili m'kati ndi ntchito yofuna mphunzitsi pambali, osati yongodziyesera pa tsiku loyamba. Kwa woyamba kumene, ine ndingasankhe BD.

1911 ndi revolver

1911 ndi ntchito ya John Browning. Asilikali a ku America anaitenga mu 1911 ndipo inakhala mfuti yawo ya m'manja mpaka 1985, pamene Beretta M9 inalowa m'malo mwake. Yachikale imawomba .45 ACP, imalowa zipolopolo 7 m'magazini, paipi yake ndi ya mamilimita 127, ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 1.1. Anthu amaiopa akamva za .45, poti chipolopolo chake chimalemera pafupifupi magalamu 15, kuwirikiza kawiri cha 9mm. Koma chimayenda pang'onopang'ono, pafupifupi mamita 250 pa sekondi, ndipo mfutiyo ndi yolemera. Kamfuti kopepuka ka 9mm kali ngati mbama, pamene 1911 ili ngati munthu wakukankhani paphewa ndi chikhatho. Ambiri amapeza kuti kukankha kumeneku n'kopiririka kuposa mmene ankaganizira.

Chimene chimagwira mtima pa tsiku loyamba ndi trigger. Siizungulira pa kachitsulo monga zinzake, imangosendera kumbuyo molunjika, kamtunda kochepa, n'kuthyoka mwaukhondo. Ngati mukufuna kudziwa mmene trigger yabwino imamvekera, yesani imeneyi. Chogwirira chake n'chopyapyala popeza zipolopolo zimakhala mzere umodzi, ndiye ngakhale wa manja aang'ono amachifumbata bwino. Mtengo wa zabwinozi ndi uwu: ili ndi maloko awiri, wa chala chachikulu ndi wina kumbuyo kwa chogwirira amene amatseguka mukafumbata mokwanira. Woiwala kutsitsa woyamba, kapena wogwira mofooka wachiwiri, amakoka koma mfuti ili zii. Makampani ambirimbiri amapanga 1911 ndipo ubwino wake umasiyana kwambiri, moti zina zimayenda bwino kuyambira pa chipolopolo choyamba, zina zimakakamira mpaka zitazolowera. Ikavuta, yambani mwakayikira magazini. Zipolopolo zake n'zodula kuposa za 9mm, ndipo zimenezi zimachepetsa maulendo anu a ku bwalo.

Revolver ndi dziko lina: ilibe magazini, zipolopolo zake zimakhala m'silinda yozungulira. Smith & Wesson 686 ndi yachitsulo chosachita dzimbiri, silinda yake imalowa zipolopolo 6, kapena 7 pa mtundu wa 686 Plus, ndipo ya paipi ya mamilimita pafupifupi 100 imalemera kupitirira kilogalamu. Ubwino wake waukulu ndi woti imadya zipolopolo za mitundu iwiri. Anaipangira .357 Magnum, koma imawombanso .38 Special, chifukwa ziwirizi n'zofanana kunenepa, kungoti khoko la .357, kachitini kamene mumakhala wonga, n'lotalikirapo ndi mamilimita pafupifupi 3. Mukaikamo .38 Special imakhala yofatsa kwambiri, yoti mungawombere masana onse. Mukaikamo .357 Magnum, moto umalavuka kukamwa, phokoso limagwedeza chifuwa, ndipo oyandikana nanu amacheuka. Yambani ndi .38, ndipo musanasinthe tsukani mabowo a silinda, chifukwa khoko lalifupi limasiya mwaye umene umakaniza lalitali kulowa kapena kutuluka.

Revolver ilibe silaidi yoti mulimbane nayo, siitaya makoko, ndipo chipolopolo china chikakana kulira, kukoka kotsatira kumabweretsa china. Komabe kukoka kwake kwakutali n'kolemera, pafupifupi makilogalamu 5, ndipo kumaulula kulakwitsa kulikonse kwa chala. Chenjezo limene sindingalidumphe ndi ili: pakati pa silinda ndi paipi pali kampata kamene kamatulutsa mpweya wamoto mwamphamvu. Amene anazolowera kutambasula chala chachikulu kutsogolo pa mfuti ya silaidi asachite zimenezo pa revolver, chifukwa mpweya wa .357 umang'amba chala. Musamatsekenso silinda poiponya ndi dzanja limodzi, kumeneko n'kuipinda.

Ya .22 imene ambiri amainyoza

Ndafika pa imene ndimaikonda, ndipo ndikudziwa kuti ena aipeputsa asanawerenge. Ruger Mark IV inatuluka mu 2016, koma mzere wake unayamba mu 1949 ndi mfuti yoyamba ya kampani ya Ruger. Imawomba .22 LR, kachipolopolo kolemera pafupifupi magalamu 2.6, ndipo magazini yake imalowa 10. Paipi ndi tolondolera take siziyenda mfuti ikalira, chimene chimayenda ndi kachitsulo ka m'kati kokha. Zakale za mzerewu zinatchuka ndi kuvuta kozibwezeretsa munthu akazimasula. Pa Mark IV anaikapo batani limodzi kumbuyo, mukalidina mbali yapamwamba imatukuka n'kuchoka.

Tsiku loyamba ndi mfuti imeneyi limakhala lachisangalalo. Imangoti tha, kukamwa kumagwedera pang'ono chabe, ndipo kwa nthawi yoyamba munthu amaona ndi maso ake kolondolera kakutsogolo pa mphindi imene mfuti ikulira. Kumeneko ndiye kuphunzira. Pa 9mm wophunzira amatseka maso osadziwa, amakankhira mfuti pansi poyembekezera phokoso, ndipo saona chimene walakwitsa. Pa .22 mantha amachoka, ndiye kulakwitsa kumaonekera poyera. Zipolopolo zake n'zotsika mtengo kwambiri kuposa zonse zimene tatchulazi, kotero kuti ndalama yomweyo imakupatsani maulendo ambiri ndi kuwombera kochuluka. Amene akuti ndi yachibwana akumbukire kuti pa Olimpiki mipikisano ya mfuti ya m'manja ya pa mamita 25 imachitika ndi .22 LR. Akumbukirenso kuti kachipolopolo kameneka kamapha, ndipo malamulo onse a chitetezo amagwira ntchito chimodzimodzi.

Zofooka zake zilipo. Zipolopolo za .22 zimadetsa mfuti msanga, ndipo popeza choyatsira wonga chili m'mphepete mwa khoko, nthawi zina chimodzi chimakana kulira. Mfuti zambiri za .22 zimasankha zakudya: ina imayenda bwino ndi zipolopolo za kampani iyi, n'kumakakamira ndi za kampani ina. Gulani timabokosi ta mitundu itatu kapena inayi, muone imene yagwirizana nayo, musanagule zambiri. Siikuphunzitsaninso kupirira kukankha kwa mfuti yaikulu, ndipo si imene anthu ambiri angasankhe podziteteza. Browning Buck Mark ndi mnzake wofanana naye, ndipo pakati pa ziwirizi tengani imene yakwana dzanja lanu.

Wolakwa ndani, mfuti kapena mwini wake?

Funso limeneli limabuka pafupifupi pa tsiku loyamba lililonse. Wowombera ndi dzanja lamanja amapeza mabowo ake ali pansi chakumanzere, wamanzere amawapeza pansi chakumanja, ndipo nthawi yomweyo amafuna kusuntha kolondolera kakumbuyo. Dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kawirikawiri chimachititsa ndi chala chimene chikukoka mwadzidzidzi, pamodzi ndi zala zina zimene zikufinya chogwirira pa nthawi yomweyo. Pali njira ziwiri zodziwira. Yoyamba, pemphani mphunzitsi wa pabwalopo awombere zisanu ndi mfuti yanuyo. Zikalowa pakati, nkhani yatha. Yachiwiri, mnzanu akulongereni magazini atasakanizamo chipolopolo chabodza chophunzirira, inu osadziwa pamene chili. Mukafika pa chimenecho mfuti siilira, koma mudzaona kukamwa kwake kukugwera pansi. Ameneyo ndi inuyo, ndipo kudziona kotereku kumaphunzitsa kuposa mawu a aliyense.

Kukakamira nakonso kuli ndi eni ake osiyanasiyana. Khoko likapanikizika pa bowo lotulukira litaima chilili, makamaka pa mfuti yopepuka ya pulasitiki, nthawi zambiri n'chifukwa chogwira mofooka. Silaidi imafuna thupi la mfuti likhale nji kuti iyo ibwerere mokwanira, ndipo dzanja likagonja mphamvu imatayika. Silaidi ikakana kutsalira kumbuyo zipolopolo zitatha, onani ngati chala chanu chachikulu sichikupondereza kachitsulo koigwira. Lembani manambala pa magazini anu, kuti vuto likamabwera pa imodzimodzi muidziwe. Koma ngati mphunzitsi nayenso ikumuvuta, ndi zipolopolo zabwino komanso magazini osiyana, musailimbane ndi tupa kunyumba. Ibwezeni kwa wogulitsa kapena kwa mmisiri wa mfuti nthawi ya chitsimikizo isanathe.

Zinthu ziwiri zikachitika, siyani zonse. Mukakoka n'kungomva kuti khethe, mfuti osalira, isungeni italozabe ku chandamale kwa masekondi 30, chifukwa chipolopolo china chimachedwa kuyaka. Ndipo mukamva kulira kofooka, kukankha kuli kochepa modabwitsa, musawombenso. N'kutheka kuti chipolopolo chatsakamira m'paipi, ndipo chotsatira chikachipeza mmenemo paipi imatha kuphulika m'manja mwanu. Chotsani magazini, tsekulani mfuti, itanani woyang'anira bwalo.

Nanga mutenge iti?

Tsiku limodzi silingakuuzeni ngati mfuti ndi yodalirika. Zimenezo zimadziwika pakadutsa zipolopolo mazana angapo. Koma limakuuzani zinthu zina mosabisa: ngati chala chikufika pa trigger popanda kupotoza dzanja, ngati mukutha kukoka silaidi ndi kudina batani la magazini mosavutika, ngati pali pamene pakukulumani pakhungu, komanso ngati mukamaliza mukulakalaka bokosi lina kapena mukuthokoza kuti zatha. Chomalizachi ndimachiwerengera kwambiri, chifukwa mfuti imene imakupwetekani mudzaisiya m'bokosi lake, ndipo luso lowombera limafota msanga munthu akasiya.

Ngati simunawomberepo ndipo cholinga chanu ndi kuphunzira, tengani ya .22, ndipo musachite nazo manyazi. Ngati malamulo kapena thumba likukulolani mfuti imodzi yokha yoti igwire ntchito zonse, Glock 19 kapena ina ya msinkhu umenewo ndi imene ndingakulozereni: zipangizo zake, magazini ndi zikwama zake zimapezeka mosavuta, ndipo imalandiranso magazini ya Glock 17 ya zipolopolo 17. Ngati mtima wanu uli pa chandamale ndi mipikisano, ndipo kulemera sikukudetsani nkhawa, CZ 75 idzakusangalatsani kuposa Glock kuyambira tsiku loyamba. Revolver ya .357 yodyetsedwa .38 Special ndi yabwino kwa amene silaidi imamuvuta kukoka, bola chala chake chikhale ndi mphamvu yokokera trigger yolemera ija. 1911 ndi ya munthu amene amakonda kusamalira chida chake ndipo wavomera kuphunzira maloko ake mpaka chala chiziwatsegula chokha. P365 ibwere pambuyo, manja ataphunzira pa ina.

Mabwalo ambiri amabwereketsa mfuti, ndipo makalabu ena amalola ophunzira kuyesa za kalabu mphunzitsi ali pambali. Ngati mwayi umenewo ulipo, wombani bokosi limodzi ndi iliyonse mwa ziwiri kapena zitatu zimene mukuziganizira musanalipire, pa mtunda umodzi, ndipo mapepala ake muwasunge mutalembapo dzina la mfuti, mtundu wa zipolopolo ndi mtunda. Pochoka pa bwalo sambani m'manja ndi kumaso ndi sopo musanadye kanthu, chifukwa utsi ndi fumbi la zipolopolo zimakhala ndi mtovu. Mukafika kunyumba tsukani mfutiyo, muyang'ane ngati tolondolera kapena timisomali tina tamasuka, kenako muitsekere m'bokosi lachitsulo lokhoma, yopanda chipolopolo, kumene mwana kapena mlendo sangaifikire.